Zomwe zimalowa ndi kutuluka m'selo: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri munthu akayamba kuphunzira za maselo, makamaka akafika pa nkhani ya mmene madzi, mchere, shuga ndi mpweya zimadutsira pa khungu la selo, komanso pa mamolekyu akuluakulu amene thupi lamangidwa nawo. M'mabuku nkhani ziwirizi zimakonda kukhala m'mitu yosiyana, koma n'zolumikizana kwambiri moti kuphunzira ina pakhale pake n'kudzivutitsa.

Kodi khungu la selo n'lopangidwa ndi chiyani?

Maziko ake ndi mafuta. Selo lililonse lamoyo, kaya ndi bakiteriya, selo la tsamba kapena la mu ubongo wa munthu, n'lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala pafupifupi mananomita 7 kapena 8. Nanomita ndi milimita yogawidwa pamiliyoni, ndiye kuti mungafunike kusanjikiza makungu oposa 10,000 kuti mufike pa kukhuthala kwa pepala limodzi.

Mafuta ake ndi a mtundu wotchedwa phospholipid. Molekyu iliyonse ili ndi mutu umodzi wogwirizana ndi madzi komanso michira iwiri yodana ndi madzi. Popeza kunja kwa selo kuli madzi ndipo mkati mulinso madzi, mamolekyuwa amangodzindandalika okha m'mizere iwiri: mitu kuyang'ana kumadzi mbali zonse, michira kubisala pakati. Palibe chimene chimawayala. Mukawathira m'madzi mu labotale amachitanso zomwezo.

Amene anayamba kunena za mizere iwiriyi ndi Evert Gorter ndi François Grendel a ku Netherlands mu 1925. Anachotsa mafuta m'maselo ofiira a magazi, n'kuwayala pamwamba pa madzi, ndipo anapeza kuti akuphimba malo owirikiza kawiri kukula kwa makungu a maselowo. Chosangalatsa n'chakuti pambuyo pake zinadziwika kuti anaphonya pa miyezo iwiri, koma zophonyazo zinafafanizana, yankho n'kutuluka lolondola. Mu 1972, Jonathan Singer ndi Garth Nicolson anawonjezera mfundo imene tikugwiritsabe ntchito: khunguli si louma gwa, limayenderera, ndipo mapuloteni ambirimbiri amayandama m'mafutawo. M'maselo ambiri, pafupifupi theka la kulemera kwa khungu ndi mapuloteni amenewa.

Ndiye n'chiyani chimadutsa pachokha, n'chiyani chimakanika?

Ambiri amaganiza kuti nkhani ndi kukula: zazing'ono zidutse, zazikulu zitsale. Kukula kuli ndi mbali yake, koma funso loyamba ndi lakuti, kodi chinthucho chimasungunuka m'mafuta? Okosijeni, carbon dioxide, mowa ndi mahomoni opangidwa kuchokera ku cholesterol, monga testosterone, zimangolowerera osapempha. Sodiyamu, potaziyamu, chloride ndi kashiamu, ngakhale kuti n'zazing'ono kwambiri kuyerekeza ndi testosterone, zimakanika chifukwa zili ndi mphamvu ya magetsi ndipo zimayenda zitazunguliridwa ndi madzi. Pakati pa khungu, pomwe pali michira yokhayokha, sizingaponde. Shuga wa glucose nayenso amakanika.

Charles Overton anaona zimenezi ku Zurich m'zaka za m'ma 1890, munthu asanaone n'komwe khungu la selo: chinthu chikamasungunuka bwino m'mafuta, chimalowanso msanga m'selo. Mukagwira mfundo imodzi imeneyi, mayankho ambiri otsatirawa mukhoza kuwalota nokha.

Mu diffusion, komwe ndi kufalikira kwa zinthu kuchoka kochuluka kupita kochepa, mamolekyu amadziwa bwanji kumene akuchepa kuti apite kumeneko?

Sadziwa kanthu. Molekyu iliyonse imangogwedezeka n'kumagundana ndi zinzake, kupita uku ndi uku mwachisawawa. Koma ngati mbali ina kuli mamolekyu 1,000 ndipo mbali ina kuli 10, amene angawoloke mwangozi kuchokera kochuluka ndi ambiri kuposa ochokera kochepa. Mapeto ake mbali zonse zimalingana, ndipo ngakhale zitalingana kuwolokerana sikusiya, kungoti opita ndi obwera amakhala ofanana. Selo sililipira mphamvu iliyonse pa zimenezi.

Adolf Fick analemba lamulo lake mu 1855. Kuyendaku kumafulumira kusiyana kukakhala kwakukulu, malo odutsira akakhala otakasuka, ndiponso mtunda ukakhala waufupi. Mapapo anamangidwa motsatira zitatu zonsezi: timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo pakati pa mpweya ndi magazi pali mtunda wosakwana maikulomita imodzi, yomwe ndi milimita yogawidwa pa 1,000.

Za mtundazi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Mtunda ukawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kanayi; ukawirikiza kakhumi, nthawi imawirikiza ka 100. Okosijeni amadutsa m'selo limodzi m'kanthawi kochepa kwambiri kosakwana sekondi, koma kuti ayende mita imodzi m'madzi osagwedezeka mwa njira yomweyi zingamutengere zaka zingapo. N'chifukwa chake maselo ndi ang'onoang'ono, ndipo n'chifukwa chake nyama zambiri zazikulu zimafunika mtima wopopa magazi.

Nanga osmosis ikusiyana pati ndi diffusion?

Mu osmosis chimene chikuyenda ndi madzi, kudutsa pa khungu lomwe likulola madzi koma likukaniza zosungunuka m'madzimo. Madzi amapita mbali imene kuli mchere kapena shuga wambiri. Jean-Antoine Nollet anaziona mu 1748 atatseka botolo la mowa waukali ndi chikhodzodzo cha nkhumba n'kuliviika m'madzi: chikhodzodzocho chinafufuma chifukwa madzi ankalowa.

Ikani maselo ofiira a magazi m'madzi opanda kanthu, muwayang'ane pa maikulosikopu. Amayamba ndi maonekedwe awo a nthawi zonse, ophwatalala ndi olowa pakati, kenako amatupa n'kukhala obulungira, kenako amaphulika n'kutsala timatumba tosaoneka bwino. Muwaike m'madzi a mchere wambiri, amafota n'kuchita makwinya. Ichi n'chifukwa chake diripu ya kuchipatala si madzi wamba: imakhala ndi mchere magalamu 9 pa lita, 0.9 peresenti, kuti ilingane ndi magazi. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi pafupifupi 3.5 peresenti, kuposa mmene impso za munthu zingakhuthalitsire mkodzo, choncho wowamwa amataya madzi ambiri kuposa amene wamwa.

Maselo a zomera saphulika chifukwa kunja kwa khungu kuli chikhoma cholimba cha cellulose. Madzi akalowa, selo limakankha chikhomacho n'kuuma, ndipo kuumako ndi kumene kumaimitsa tsamba. Madzi akachepa tsamba limalefuka. Feteleza wochuluka pafupi ndi mizu amawotcha mbewu pa chifukwa chomwechi: madzi amatuluka m'mizu m'malo molowa.

Koma madzi ndi mafuta sizigwirizana. Amadutsa bwanji pa khungu la mafuta?

Funso labwino, ndipo linasautsa asayansi zaka zambiri. Madzi pang'ono amadontha pakati pa mafutawo chifukwa molekyu yake ndi yaing'ono ndipo ilibe chaji, mphamvu ya magetsi ija. Koma m'impso ndi m'maselo ofiira amadutsa mothamanga kwambiri kuposa pamenepo. Mu 1992 gulu la Peter Agre ku Johns Hopkins linasonyeza chifukwa chake. Anatenga mazira a chule, omwe mwachibadwa salola madzi kulowa msanga, ena n'kuwapangitsa kuti apange puloteni ina imene ankaikayikira, ena n'kuwasiya. Atawaika m'madzi a mchere wochepa, okhala ndi puloteniyo anatupa n'kuphulika m'mphindi zochepa, enawo ali chikhalire. Puloteniyo ndi imene masiku ano imatchedwa aquaporin, ndipo Agre analandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Impso zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku, koma mkodzo umangokwana lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Otsalawo amabwezedwa m'magazi, ndipo ma aquaporin ndiwo njira yake. Munthu akasowa madzi, homoni ya vasopressin imauza impso kuti ziwonjezere ma aquaporin pa makungu a maselo ake. Mowa umatsekereza homoni imeneyi, n'chifukwa chake womwa amakodza pafupipafupi.

Zinthu zokanika zija, monga mchere ndi shuga, zimalowa bwanji?

Kudzera m'mapuloteni a pakhungu, ndipo alipo a mitundu iwiri. Ena ndi timipata totseguka ndi kutsekeka, todutsa mtundu umodzi wokha wa mchere. Ena amagwira molekyu mbali imodzi, n'kusintha kaumbidwe kawo, n'kuitula mbali inayo. Malinga ngati chinthucho chikuchoka kochuluka kupita kochepa, selo sililipirabe kanthu.

Kampata ka potaziyamu n'kodabwitsa. Kamadutsitsa potaziyamu mamiliyoni ambiri pa sekondi, koma kamakaniza sodiyamu, yemwe ndi wamng'ono kuposa potaziyamu. Roderick MacKinnon anaonetsa kapangidwe kake mu 1998. Kuti alowe pakhosi pa kampatako, mchere uyenera kuvula madzi ouzungulira. Pakhosipo pali maatomu a okosijeni oikidwa pa mtunda wokwanira ndendende kugwira potaziyamu m'malo mwa madzi aja. Sodiyamu ndi wochepa moti sangakhudze maatomu onsewo nthawi imodzi, ndiye amakakamira madzi ake, n'kulephera kulowa.

Glucose amanyamulidwa ndi mapuloteni otchedwa GLUT. A m'minofu ndi m'maselo a mafuta, GLUT4, amakhala obisidwa mkati mwa selo mpaka insulini itafika. Ikafika, amatulutsidwa n'kuikidwa pakhungu, shuga n'kuyamba kulowa. Pa matenda a shuga, insulini imasowa kapena maselo saimvera, ndiye shuga amangodzadza m'magazi pamene minofu ili ndi njala.

N'chifukwa chiyani selo limawononga mphamvu kukankha zinthu mobwerera?

Chifukwa selo lomwe mkati ndi kunja mwalingana ndi selo lakufa. M'selo la nyama muli potaziyamu wambiri ndi sodiyamu wochepa, kunja n'kosemphana, ndipo kusiyanaku kumadontha nthawi zonse. Chimene chimakubwezeretsa ndi pampu ya sodiyamu ndi potaziyamu, yomwe Jens Christian Skou wa ku Aarhus anaitulukira mu 1957 pofufuza mitsempha ya nkhanu. Pa molekyu imodzi ya ATP, yomwe imanyamula mphamvu zoyendetsera ntchito za m'selo, pampuyi imatulutsa sodiyamu atatu n'kulowetsa potaziyamu awiri. Imadya gawo lalikulu la mphamvu za munthu ngakhale ali mtulo, ndipo m'maselo a ubongo imatenga theka kapena kuposa.

Mphamvuzo sizitayika. Zili ngati madzi osungidwa m'damu: munavutika powakweza, koma mukatsegula pang'ono amakugwirirani ntchito. Uthenga wa m'mitsempha ndi timipata ta sodiyamu totseguka motsatizana, sodiyamu n'kukhamukira mkati, magetsi a pakhungu n'kusintha kuchoka pa pafupifupi mamilivoti 70 a kumunsi kwa ziro. M'mitsempha ina uthengawu umathamanga mamita oposa 100 pa sekondi. Mankhwala ochititsa dzanzi monga lidocaine amatseka timipata timeneti, ululu n'kusowa podutsa.

Mapampu alipo enanso. Ya m'chifu imatulutsa asidi, ndipo omeprazole amagwira ntchito poitseka. Digoxin, mankhwala akale a mtima ochokera ku chomera cha foxglove, amafooketsa pang'ono pampu ya Skou ija.

N'chifukwa chiyani mankhwala a ORS, omwe amamwedwa munthu akatsegula m'mimba, amakhala ndi shuga ndi mchere pamodzi?

Apa ndi pamene phunziro la khungu la selo lapulumutsa anthu ambiri zedi. M'matumbo muli puloteni yotchedwa SGLT1 imene silola sodiyamu kulowa yekha kapena glucose kulowa yekha: imawatenga limodzi, sodiyamu awiri pa glucose mmodzi. Sodiyamu akufuna kale kulowa chifukwa cha ntchito ya pampu ija, ndiye amakokera shuga mkati. Mchere ndi shuga zikalowa, madzi amatsatira mwa osmosis. Robert Crane ndiye anafotokoza njirayi mu 1960.

Poizoni wa kolera amachititsa maselo a m'matumbo kutsegula timipata ta chloride osatsekanso. Chloride amatuluka, sodiyamu ndi madzi n'kutsatira, ndipo munthu akhoza kutaya malita ambiri pa tsiku limodzi. Koma poizoniyo saikhudza SGLT1. Madokotala a ku Dhaka ndi Calcutta anayesa njira yomwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, Dilip Mahalanabis anaigwiritsa ntchito mu msasa wa anthu othawa kwawo diripu itatha. Imfa zinatsika kuchoka pa pafupifupi 30 peresenti kufika pa zosakwana 4 peresenti.

Muyezo wake si woseweretsa. Shuga akachuluka, madzi a m'matumbo amakhuthala kuposa magazi, osmosis n'kutembenuka, kutsegula m'mimba n'kukula. Tsatirani zolembedwa papaketi.

Nanga zinthu zazikulu kwambiri, monga bakiteriya wathunthu?

Pamenepo khungu lenilenilo limapindika, n'kukuta chinthucho, n'kuduka kukhala kathumba mkati mwa selo. Ndiyo endocytosis. Élie Metchnikoff anaziona ku Messina mu 1882: anabaya mwana wa kanyama ka m'nyanja kotchedwa starfish, yemwe thupi lake n'loonekera mkati, ndi munga wa duwa la rozi, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo oyendayenda atauzinga mungawo. Maselo oyera a m'magazi athu amameza majeremusi mwa njira yomweyo. Cholesterol woyenda m'timipira totchedwa LDL amachotsedwanso m'magazi chonchi, ndipo Michael Brown ndi Joseph Goldstein anasonyeza kuti mabanja ena amadwala mtima akadali aang'ono chifukwa puloteni yomugwira pakhungu ndi yolakwika. Mavairasi ambiri amabera njira yomweyi polowa.

Kutulutsa kumayenda mobwerera: kathumba ka mkati kamalumikizana ndi khungu n'kukhuthulira kunja. Insulini imatuluka m'kapamba motero.

Mamolekyu akuluakulu a m'thupi ndi ati, ndipo akukhudzana bwanji ndi zonsezi?

Magulu ake ndi anayi: ma carbohydrate, mafuta, mapuloteni ndi ma nucleic acid. Atatu mwa iwo ndi maunyolo a tizidutswa tobwerezabwereza: shuga, ma amino acid ndi ma nucleotide. Polumikiza zidutswa ziwiri pamatuluka molekyu imodzi ya madzi. Podula, madzi amabwezedwapo. Mafuta sali unyolo wotero, angoikidwa m'gululi chifukwa cha kufunika kwawo, ndipo amene amati si mamolekyu akuluakulu enieni sakulakwa.

Kukhudzana kwake n'kwakuti mamolekyu aakuluwa sangadutse pa khungu la selo. Kugaya chakudya konse ndi ntchito yowadula mpaka afike pa tizidutswa tomwe mapuloteni a m'matumbo angathe kunyamula. Selo likalandira tizidutswato limamanga zake.

Ngati starch ndi cellulose zonse ndi glucose, bwanji sitingadye udzu?

Kusiyana kuli pa kalumikizidwe. Mu starch, glucose onse amayang'ana mbali imodzi, unyolo n'kupotana, ndipo enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito) ya amylase, yomwe ili m'malovu ndi m'madzi a kapamba, imaudula mosavuta. Mu cellulose, glucose aliyense ndi wotembenuzika poyerekeza ndi mnzake, maunyolo n'kukhala owongoka ndi omamatirana. Munthu alibe enzyme yodulira pamenepo. Ng'ombe nayonso ilibe: imadalira tizilombo tating'onoting'ono ta m'mimba mwake.

Nyama zimasunga glucose ngati glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi cha munthu wamkulu ndi 400 m'minofu. Mungafunse kuti bwanji osangomusunga monga alili. Yankho ndi osmosis ija. Chimene chimakoka madzi ndi chiwerengero cha mamolekyu, osati kukula kwawo. Glucose masauzande ambiri ali payekhapayekha angakoke madzi mpaka selo kuphulika, koma akamangidwa kukhala molekyu imodzi sakokanso kanthu kodetsa nkhawa.

Kodi mafuta ndi oipa m'thupi?

Popanda iwo sipangakhale khungu la selo ngakhale limodzi. Galamu ya mafuta imasunga makilokalori 9 pamene ya carbohydrate kapena puloteni imasunga 4. Mafuta a michira yowongoka, ma saturated, amathithikana n'kuuma. A michira yopindika, ma unsaturated, amakhala amadzimadzi. Nsomba za m'madzi ozizira zimachulukitsa a michira yopindika m'makungu a maselo awo kuti asaume. Cholesterol, amene mbiri yake inaipa, amalimbitsa makungu a maselo athu ndipo ndi pomwe pamachokera ndulu, vitamini D ndi mahomoni angapo. Vuto limabwera akachuluka m'magazi n'kuyamba kuunjikana m'mitsempha.

N'chifukwa chiyani mapuloteni amatchulidwa pena paliponse?

Chifukwa ndiwo amagwira ntchito. Mapampu, timipata, ma enzyme, insulini, haemoglobin wonyamula okosijeni m'magazi, ma antibody olimbana ndi matenda, zonsezi ndi mapuloteni. Amamangidwa ndi mitundu 20 ya ma amino acid, ndipo 9 mwa iyo thupi la munthu silitha kupanga, iyenera kuchokera m'chakudya. Frederick Sanger ndiye anayamba kuwerenga ndondomeko yonse ya puloteni, insulini, yomwe ili ndi ma amino acid 51, ndipo anamaliza mu 1955.

Ndondomekoyo ndi imene imasankha mmene unyolo upindikire, ndipo kapindikidwe ndiko kamasankha ntchito. Pa matenda a sickle cell, amino acid mmodzi yekha, wachisanu ndi chimodzi pa unyolo wa beta wa haemoglobin, amasintha kuchoka pa glutamic acid kukhala valine. Woyambayo amagwirizana ndi madzi, wachiwiriyo amadana nawo. Okosijeni akachepa, timalo todana ndi madzito timamatirana, haemoglobin n'kupanga timitengo tolimba tomwe timapinda selo lofiira. Vernon Ingram anapeza kusinthaku m'ma 1950. Taonani kuti ndi lamulo lomwe lija la mitu ndi michira ya phospholipid.

Kutentha kapena asidi zimamasula kapindikidwe, monga zimachitikira choyera cha dzira chikapsa. Ndipo insulini imabayidwa m'malo momwedwa chifukwa m'mimba ingagayidwe ngati puloteni ina iliyonse.

Nanga DNA ndi RNA?

DNA imasunga malangizo a ndondomeko ya ma amino acid a puloteni iliyonse. Friedrich Miescher anaipeza ku Tübingen mu 1869 m'maselo oyera ochokera m'mafinya a pamabandeji, osadziwa ntchito yake. Kaumbidwe kake ka zingwe ziwiri zopotana kanalengezedwa ndi James Watson ndi Francis Crick mu 1953, mothandizidwa kwambiri ndi zithunzi za X-ray za gulu la Rosalind Franklin. Zilembo zake ndi zinayi: A amagwirana ndi T, G ndi C. M'selo limodzi la munthu muli DNA yotalika pafupifupi mamita awiri, yopindidwa m'makromozomu 46.

RNA ndi chingwe chimodzi, ndipo ili ndi U m'malo mwa T. Ya mtundu wa mRNA imakopera malangizo kuchokera ku DNA n'kupita nawo ku ma ribosome, kumene mapuloteni amalumikizidwa.

Katemera wa mRNA amalowa bwanji m'selo?

mRNA ndi yaikulu, ili ndi chaji, ndipo ma enzyme a m'thupi amaiphwanya msanga. Itabayidwa yokha, yochepa kwambiri ndi imene ingafike mkati mwa maselo. Opanga makatemera a COVID-19 a mtunduwu, omwe anayamba kuperekedwa kumapeto kwa 2020, anaikuta m'timipira ta mafuta ta pafupifupi mananomita 100. Selo limameza kampirako mwa endocytosis. Mkati mwa kathumba mumakhala asidi pang'ono, ndipo asidiyo amapatsa ena mwa mafutawo chaji. Akatero amasokoneza khungu la kathumbako, mRNA n'kupulumukira m'selo. Ma ribosome amaiwerenga n'kupanga puloteni ya pamwamba pa vairasi, chitetezo cha thupi n'kuiphunzira. mRNA imeneyi silowa m'nyukiliyasi momwe muli DNA, ndipo selo limaiphwanya likatha kuigwiritsa ntchito. Katalin Karikó ndi Drew Weissman, omwe anapeza njira yosinthira zilembo zake kuti thupi lisaiukire isanagwire ntchito, analandira mphoto ya Nobel mu 2023.